Kuwongola chitseko chogundidwa ndi kufananitsa penti

Njinga ya kabaza ikakhula chitseko kapena minibasi ikakugundani pang'ono kumbuyo, musathamangire hamala. Jambulani kaye zithunzi, ndipo ngati mukufuna a inshulansi alipire, tengani lipoti la apolisi galimoto isanakhudzidwe.

Ine ndimayamba ndi kutsuka. Kenako ndimachotsa chophimba cham'kati mwa chitseko kuti dzanja lifike kuseri kwa chitsulo. Powongola, gwirizizani chitsulo cholemera kuseri n'kumagogoda pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete mwa popindikapo kulowera pakati. Mukamenya pakati mwamphamvu chitsulo chimatanuka, ndiye chimangolira pho-pho mukachikhudza. Bampala ya pulasitiki ilibe vuto kwenikweni: thirani madzi otentha, kankhani kuchokera kuseri, imabwerera.

Fila, phala lomata pa chitsulo chowongoledwa, ndi yosalazira, si yodzazira dzenje. Ikapitirira mamilimita 3 idzang'aluka m'mabampu a misewu yathuyi. Palani ndi sandipepa ya 80 (nambala ikachepa, sandipepa ndi yokhakhala kwambiri) mpaka chitsulo chioneke, sakanizani fila ndi hadena (mankhwala oumitsira) pang'ono, pakani mopyapyala. Ikauma palani ndi 80, kenako 180, kenako 320, sandipepayo mutaikulunga pa kathabwa. Zala zokha zimasiya mizere. Poperani pulayima, penti yoyamba ya pansi, ikauma salazani ndi 600 kapena 800.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya penti, pa kachitsulo ka m'boneti kapena pa chomata cha pamphuthu ya chitseko. Pa Toyota, 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera yonyezimira, 1F7 ndi siliva, 202 ndi yakuda. Koma nambalayo ikunena mmene galimoto inalili potuluka ku fakitale. Vitz kapena Sienta imene yawambidwa ndi dzuwa la ku Nsanje zaka zingapo sili chomwecho lero. N'chifukwa chake ndimamasula kachitseko ka pothirira mafuta, kukapukuta bwino, n'kupita nako kwa wosakaniza penti kuti ayerekeze ndi mtundu weniweniwo.

Penti ikabwera musaipopere pa galimoto. Yesani pa kachidutswa ka lata, pakani kiliya (vanishi yopanda mtundu) pamwamba, dikirani iume, mukaigundize pa chitseko panja, padzuwa. Yang'anani mutaima kutsogolo kwake, yang'ananinso cham'mbali. Kuwala kwa babu la m'galaja kumanama.

Siliva ndiye wovuta. Mukapopera pafupi penti n'kunyowa kwambiri, imatuluka yoderapo. Mukatalikira imatuluka yowalirapo, chikhalirecho ndi ya m'chitini chimodzi. Ya 070 imafuna magawo atatu: yoyera pansi, yonyezimira pakati, kiliya pamwamba. Pa mitundu iwiriyi sindilekezera pa mzere wa chitseko. Ndimamwaza pentiyo mocheperachepera kulowera pa fenda (chitsulo cha pamwamba pa tayala) ndi pa chitseko chinacho, kenako kiliya ponseponse, kuti diso lisapeze polumikizira. Eni galimoto ena amadandaula kuti ndikupenta posagundidwa, koma akaiona yatha amangoti zii.

Khetsani madzi mu kompulesa musanayambe, chifukwa kadontho kamodzi kamatupitsa penti. Nyengo ya fumbi, wazani madzi pansi ndipo poperani m'mawa mphepo isanayambe. Tsiku la mvula kapena la chiperoni ingodikirani, kiliya imachita mbuu. Penti ya 2K, yosakaniza ndi hadena, imawononga mapapo, ndiye kansalu ka pamphuno sikokwanira; gulani masiki ya mafyuluta. Polishi ya wakisi idikire mwezi wathunthu kuti penti iyambe yalimba.