Wantchito wa autism ndi foni yake: malangizo kwa akapitawo a mu Lusaka

Kawirikawiri wantchito wa autism (kagwiridwe ka ubongo kosiyana ndi ka ena, kokhudza momwe munthu amamvanirana ndi anzake ndi momwe amamvera zinthu ngati phokoso) salephera ntchito yeniyeniyo. Chimene chimamutopetsa ndi malangizo onenedwa mothamanga, kusintha kwadzidzidzi, ndi phokoso. Zitatuzi zingachepe ndithu ndi foni ya Android imene ali nayo kale m'thumba, bola kapitawo nayenso asinthe kachitidwe kake. Kumuikira app m'foni kenako inu n'kupitiriza kulamula pakamwa muli pakhomo, palibe chimene mwathandiza.

Musanaike chilichonse, khalani naye pansi mumufunse nthawi imene tsiku limamuvuta kwambiri. Anthu a autism si ofanana: wina amavutika ndi jenereta, wina sailabadira n'komwe koma amasokonezeka misonkhano ikasunthidwa. Sankhani vuto limodzi, chida chimodzi, muyese masabata awiri.

Choyamba kukonza ndi malangizo. Ntchito zambiri mu Lusaka zimayendera pa gulu la WhatsApp, momwe uthenga wa katundu umasakanikirana ndi za maliro, mavesi a m'mawa ndi nthabwala. Voice note ya mphindi zitatu ndiye yoipitsitsa, chifukwa munthu sangayang'ane msanga pomwe panali tsiku kapena nambala. Ayenera kumvetseranso yonse. Mutumizireni iyeyo payekha uthenga wolemba, wonena ntchito, nthawi yomalizira, ndi chimene chiyambe. Osalemba kuti "Muonepo za stock ija mukapeza mpata." Lembani kuti: "Werengani makatoni a sopo pa shelefu 3 ndi 4. Lembani chiwerengero mu sheet ya Lachiwiri. Malizani isanakwane 11:00. Izi ziyambe, za ma invoice zibwere pambuyo." Mawu ngati "posachedwa" ndi "mukapeza mpata" ndi amene amabala mikangano, chifukwa iye amawamva momwe alili pamene inu mumatanthauza tsopano lino.

Gulu lalikulu alitseke mawu ndi Mute. WhatsApp imalola maola 8, sabata imodzi, kapena mpaka kalekale, ndipo munthu akamutchula ndi chizindikiro cha @ uthengawo umamufikabe. Choncho anzake aphunzire kumutchula pa nkhani zomukhudza zokha. Ntchito zobwerezedwa tsiku ndi tsiku, monga kutsegula shopu kapena kutseka till, zilembedwe mu Google Keep, app yolembamo manotsi, ngati mndandanda wa timabokosi tochonga, sitepe iliyonse pa mzere wake, ndi chithunzi cha momwe ntchito yomalizidwa imaonekera. Keep imatseguka ngakhale bundle itatha, n'kudzalumikizana intaneti ikabwera.

Za nthawi n'zosavuta. Gawanani Google Calendar, muike zikumbutso ziwiri pa msonkhano uliwonse, china kutatsala mphindi 30, china mphindi 10, kuti apeze mpata wosiya bwino zomwe akuchita. Msonkhano ukasintha, sinthaninso mu calendar pomwepo ndipo lembani chifukwa chake m'mawu ochepa. Chimene chimalakwika apa ndi batire: foni ikakhala pa battery saver imachedwetsa zikumbutso kapena kuzimeza. Lowani mu Settings muchotse Calendar pa ma app ochepetsedwa mphamvu, ndipo zinthu zosayenera kuphonyedwa muziike pa alamu ya wotchi, imene sidalira netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel.

Phokoso ndilo limawonongetsa anthu ndalama. Mahedifoni a noise cancelling ali ndi timaikolofoni timene timamva phokoso lakunja, kenako amatulutsa mafunde otsutsana nalo. Njirayi imagwira bwino pa phokoso lotsika, losasintha, ngati kulira kwa jenereta magetsi a ZESCO akathima, kapena fani ndi injini. Mawu a anthu ndi mahutala a minibasi a mu Cairo Road amadutsabe. Ngati vuto ndi kulongolola kwa anzake, kumusunthira desiki pakona, kutali ndi chitseko, kumathandiza koposa mahedifoni odula. Ena a autism akavala mahedifoniwa amamvanso ngati makutu akupanikizika, ena sapirira chinthu chowafinya kumutu, ndiye ayese kaye ola lathunthu musanalipire. M'nyumba yosungira katundu momwe mumayenda forklift, kapena pafupi ndi makina, asavale konse. Ayenera kumva chenjezo. Mugwirizanenso chizindikiro chomuitanira, monga kuima pomwe akukuonani kapena kutumiza uthenga, osati kumugwira paphewa kuchokera kumbuyo.

Pa foni palinso Do Not Disturb, imene imaletsa foni kulira munthu akaimba kapena uthenga ukabwera. Ikani kuti anthu awiri kapena atatu okha, amene ali ndi nyenyezi mu Contacts, adutse pa nthawi ya ntchito yofuna maganizo.

Live Transcribe ya Google imalemba zonenedwa pamsonkhano, koma musaidalire kwambiri kuno. Chiganizo chikayamba m'Chingerezi n'kuthera m'Chinyanja kapena Chibemba, zimene imalemba n'zosokonekera. Ndi bwino munthu mmodzi alembe mfundo zitatu kapena zinayi zomwe mwagwirizana, azitumize msonkhano ukangotha.

Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limafuna kuti olemba ntchito akonze malo ndi kagwiridwe ka ntchito moyenerera munthu wolumala, ndipo ofesi ya Zambia Agency for Persons with Disabilities ndi yofunsako. Koma za autism ya munthu ndi chinsinsi chake, ndipo Data Protection Act ya 2021 imaika nkhani za thanzi m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Musalembe pa gulu kuti mahedifoni aja ndi chifukwa cha matenda, kapena kutcha calendar dzina loulula zimenezo. Anzake akafunsa, yankho lokwanira n'lakuti aliyense wofuna malangizo olembedwa angapemphe. Masabata awiri akatha mufunseni mwa kulemba, mumupatse tsiku lathunthu loyankhira, ndipo chimene sichinathandize chichotsedwe m'foni.