Amazon sword wanga wasiya kuchita chikasu

Thanki yanga ya nsomba ndi ya malita 60, muli tinsomba ta guppy ndi zomera za m'madzi ziwiri zotchedwa Amazon sword. Masamba anayamba chikasu, ena kupyapyala mpaka kubooka. Ndimvekere mwina kuwala kukuchepa, ndiye getsi ndinkalisiya loyaka tsiku lonse, zotsatira zake ndere basi, galasi lonse gilini. Feteleza wamadzi nayenso anangonenepetsa nderezo.

Koma vuto linali pansi. Chomerachi chimadya kwambiri ndi mizu, pamene ine ndinachidzala mu timiyala totsukatsuka mopanda chakudya chilichonse. Ndinagula ma root tabs, timibulu ta feteleza tokwirira, nkukankhira kamodzi pafupi ndi tsinde lililonse mpaka chala chitagunda galasi la pansi. Apa ndiye pofunika, mukaika kambuluko pamwamba kamasungunukira m'madzi, ndere nkuyambiranso. Masamba ofa ndinadula, getsi maola 6 okha, madzi ndimasinthako gawo limodzi mwa atatu sabata iliyonse.

Patatha masabata atatu masamba atsopano akutuluka obiriwira, akalewo sachira ayi. Koma chonde musayerekeze kuthiramo urea wa kumunda, amasanduka ammonia ndipo nsomba zitha.