Mliri ukalowa m'dera lanu, mumvere ndani ndipo mumwe chiyani?

Mu Januwale 2021, sabata imene nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndinaitanidwa kunyumba ina ku Ndirande. Ndinapeza bambo achikulire, odwala shuga, atadzifunditsa bulangete, poto wa madzi owira a masamba a bulugamu ali pakati pa miyendo. Patebulo panali mandimu, jinja, adyo ndi mapilitsi a azithromycin ogula popanda kalata ya dokotala. Mayi a panyumbapo anandilandira ndi mawu akuti, "A dokotala, zonse zimene anatitumizira pa WhatsApp tachita." (Ife alangizi a zaumoyo anthu amatitchula choncho, ngakhale si ife madokotala.) Nditawavundukula bambowo ndinawapempha kuti andiuze dzina lawo ndi kumudzi kwawo. Sanathe kumaliza osaima kaye kuti akoke mpweya. Tinawapezera galimoto nthawi yomweyo kupita ku chipatala chachikulu cha Queens.

Mandimu sanalakwe kanthu. Chimene chinatsala pang'ono kuwapha bambowa ndi masiku anayi amene banja linakhala likudikira kuti nthunzi igwire ntchito. Mliri wina udzabwera, sitikudziwa liti, ndipo mauthenga a m'mafoni adzafika msanga kuposa ife. N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za kasefedwe ka zimene timamva.

Uthenga ukakupezani, yambani mwafunsa kuti wanena ndani. Mawu ojambulidwa a munthu wongoti "ine ndine dokotala wa ku Italy", wopanda dzina, wopanda chipatala, musawatumize kwa wina. Ngakhale dokotala weniweni wodziwika, ngati akulankhula yekha zosiyana ndi anzake onse, funsani kuti zimene akunenazo zinayesedwa pa odwala angati. Mutu umodzi susenza denga. Nthawi ya Covid tinali ndi komiti ya Pulezidenti yoona za mliriwu yomwe inkalengeza ziwerengero tsiku ndi tsiku, Unduna wa Zaumoyo, ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, komanso Chipatala cha pa Foni chimene munthu amaimba kwaulere. Awa akalakwitsa mumadziwa kokawafunsa. Mwini uthenga wa pa WhatsApp simudzamupeza.

Dandaulo limene ndinkalimva kwambiri pamsika wa Limbe ndi lakuti akatswiriwo amasinthasintha. "Poyamba ankati masiki ndi a odwala ndi achipatala okha, lero akuti tonse tivale. Timve ziti?" Funso ili ndi lomveka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasinthadi malangizo ake a masiki mu Juni 2020, zitaoneka kuti munthu amatha kupatsira anzake asanayambe n'komwe kutsokomola. Koma a Malawi kusintha kotere sitikukuona koyamba. Achikulire mukukumbukira chloroquine wowawa uja. Mu 1993 dziko lino linamusiya chifukwa tizilombo ta malungo tinali titamuzolowera, tinayamba Fansidar, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Madokotala sanali kutinamiza m'zaka za chloroquine. Anaona ana akubwerera kuchipatala ndi malungo omwewo, n'kusintha mankhwala. Ine katswiri amene amandichititsa mantha ndi uja wosasintha ngakhale umboni utamutsutsa.

Pa mankhwala mpofunika kudekha kwambiri, chifukwa funso si lakuti amagwira kapena ayi basi, koma amagwira pa wodwala wotani. Chitsanzo ndi mankhwala otchedwa dexamethasone. Mu Juni 2020 kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY anapeza kuti mankhwala otchipawa amapulumutsa miyoyo: mwa odwala opumira makina, imfa zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mwa amene anali pa okosijeni zinatsika ndi gawo limodzi mwa asanu. Koma kwa amene sankafunika okosijeni sanathandize konse. Nkhani itamveka, ena anathamangira kukagula kuti azimwa akangomva kukhosi kukanda. Mankhwala amenewa amafooketsa chitetezo cha m'thupi komanso amakweza shuga, ndiye taganizani bambo a ku Ndirande aja akanamwa okha kunyumba. Ndi mankhwala a m'chipatala, operekedwa ndi amene wamuyeza wodwalayo.

Kafukufuku yemweyo anayesanso hydroxychloroquine, amene atsogoleri ena akunja ankamutama, n'kupeza kuti sachepetsa imfa. Azithromycin ndi amoxicillin amapha mabakiteriya, savulaza vairasi ngati amene amayambitsa Covid. Kumwa mwachisawawa kumangochititsa kuti tsiku limene mwana wanu adzadwale chibayo chenicheni, mankhwalawo adzakhale atatha mphamvu.

Nanga zitsamba? Mu Epulo 2020 Pulezidenti wa Madagascar, Andry Rajoelina, anaonetsa chakumwa chotchedwa Covid-Organics, chopangidwa ndi chomera cha artemisia. Chomera chomwechi ndi chimene kunachokera mankhwala ena a mu LA, choncho sindinganene kuti zomera zilibe ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti LA anadutsa m'kuyesedwa kwa zaka zambiri, mlingo wake n'kudziwika, pamene chakumwa chija chinayamba kugawidwa chisanaonetse umboni wotero, ndipo mliri unapitirira ku Madagascar komweko. Tiyi wa jinja ndi mandimu imwani, amafewetsa kukhosi ndipo thupi limapeza madzi. Kudzifukiza nako kumatsegula mphuno, ngakhale ndaonapo ana atapsa ndi madzi owira chifukwa cha poto wogubuduka. Chachikulu, musazitenge ngati zolowa m'malo mwa chipatala.

Tsopano za kuno kwathu. Ambiri tinkadziwa chiwerengero cha omwalira ku America koma osadziwa kuti mumsewu wathu muli odwala angati. Matenda anapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, ku Lilongwe, ndipo kwa kanthawi ena ankati ndi a anthu oyenda pandege. Mu Meyi chaka chomwecho mabasi a abale athu ochokera ku Joni analowa pa Mwanza, ndipo mazana a anthu amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium anatulukamo zotsatira zawo zisanawapeze. Pasanapite nthawi matenda anali m'makwalala mwathu. Funde lachitatu la mliriwu, la mu Julayi 2021, linatipeza m'nyengo ya chiperoni, mawindo a minibasi ali otseka, tonse titapanikizana m'nyumba.

Mukamamva ziwerengero pawailesi, musangomvera kuti apezeka angati. Mverani kuti ayeza angati. Anthu 20 opezeka mwa 1,000 ndi nkhani ina, 20 mwa 100 ndi moto. Onjezerani zimene maso anu akuona: maliro akuchulukana m'dera, anzanu akujomba kuntchito ndi chimfine chofanana, mzere wa otsokomola ukutalika pachipatala chaching'ono cha ku Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni. Zikatero musadikire kuti boma lilengeze. Tsegulani mawindo a minibasi ngakhale kukuzizira, misonkhano ya banki m'khonde ichitikire panja, ndipo agogo ndi onse a shuga kapena BP asakagone pasiwa. Ndikudziwa kuti apa mpowawa, maliro ndi kulirana. Koma chipepeso chikhoza kupita pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kutuma wachinyamata wovala masiki kukaimira banja.

Za katemera zinandipweteka mtima. Mu Meyi 2021 ku Lilongwe anatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha. Anafika atatsala ndi nthawi yochepa, inde, koma mphekesera za kusabereka zinabwezanso anthu ambiri. Patangopita milungu yochepa funde lachitatu linafika, anthu n'kumandifunsa kokabayitsa pamene katemera anali atasowa.

Wina akadwala pakhomo, mpatseni chipinda chake ngati chilipo, kapena mbali ya kuwindo, ndipo womusamalira akhale mmodzi. Panado wa kutentha thupi, madzi ambiri, phala. Kawiri patsiku tengani foni, ikani mphindi imodzi, muwerenge kuti chifuwa chakwera kangati. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka 20. Zikapitirira 20 pitani akamuone, zikafika 30, kapena akulephera kumaliza chiganizo, wayamba kusokonezeka mutu, milomo yasintha mtundu, nyamukani ngakhale uli usiku. Ngati muli ndi kachipangizo kopanira kuchala koyeza okosijeni, 90 kutsika m'munsi ndi ngozi. Ku Queens kuli makina opanga okosijeni, kunyumba kwanu kulibe. Potuluka musaiwale buku lake lachipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa, ngakhale azitsamba, kuti adokotala adziwe poyambira.