Mmene Mungaweruzire Wosewera Wodzigwetsa Dala Poonera Kanema wa Masewero

Lamulo 12 la mpira wamiyendo likunena kuti wosewera amene wadzigwetsa pofuna kunamiza woimbira aonetsedwe kadi yachikasu. Vuto limabwera pamene woimbirayo wapusitsidwa n'kupereka penate, chifukwa masewero akatha chigolicho sichifufutidwa. Chimene chimatsala m'manja mwa komiti yosungitsa mwambo ndi kanema basi, ndipo kanemayo ali ndi kaoneredwe kake.

Choyamba, musatenge kugwa kulikonse kukhala mlandu. Bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, pamene linayamba kupereka zilango zoterezi mu sizoni ya 2017/18, linangoyang'ana chinyengo chimene chabala penate kapena chatulutsitsa wosewera wa timu ina m'bwalo. Kanema amapita kwa anthu atatu, yemwe anakhalapo woimbira, mphunzitsi wakale ndi wosewera wakale. Aliyense amaonera payekha, ndipo mlandu umatsegulidwa pokhapokha onse atatu agwirizana. Chilango chake ndi kusasewera masewero awiri. Njira imeneyi ndi yoyenera kutengera, chifukwa anthu akaonera pamodzi, amene ali ndi mawu amphamvu amakoka anzake.

Mukakhala pansi kuti muonere, yambani ndi liwiro lenileni la masewero. Kanema woyenda pang'onopang'ono amathandiza kuona ngati phazi linakhudzadi mwendo, koma amanamiza pa mphamvu ya kugundako, moti kukhudzana kochepa kumaoneka ngati chiwembu. Mukatero funsani mafunso motsatana. Kodi panali kugundana? Ngati kunalipo, kodi wosewerayo anali atayamba kale kugwa asanakhudzidwe? Yang'anani mwendo wakumbuyo. Munthu wopunthwa amayesetsa kuponyanso phazi kuti adzichirikize, pamene wodzigwetsa amaukoka pansi dala, nthawi zina n'kuutambasulira kumene kuli goloboyi kuti ukodwe. Onaninso malo amene akugwira pomva ululuwo. Pa World Cup ya 2002, Hakan Ünsal wa Turkey anamenya mpira umene unagunda Rivaldo wa Brazil pantchafu, koma Rivaldo anagwa atagwira nkhope. Ünsal anatulutsidwa, ndipo bungwe la FIFA linangolipiritsa Rivaldo ndalama osamuletsa kusewera. Chindapusa chotero sichiopseza katswiri amene timu yake yapambana kale.

Pakakhala chikayiko, wosewerayo apite mwaufulu. Mu 2009 bungwe la UEFA, loyendetsa mpira ku Ulaya, linaletsa Eduardo wa Arsenal kusewera masewero awiri ponena kuti anadzigwetsa pafupi ndi goloboyi wa Celtic, Artur Boruc, koma Arsenal itachita apilo chilangocho chinachotsedwa chifukwa kanema sanatsimikize kuti panalibe kukhudzana. Komiti imene ikulanga lero n'kubweza mawa imadzichotsera ulemu. Komabe kukhudzana pakokha sikumasula munthu. Oumar Niasse wa Everton, yemwe mu Novembala 2017 anakhala woyamba mu Premier League kulangidwa motere, anakhudzanadi ndi Scott Dann wa Crystal Palace, koma oweruza anaona kuti kagwedwe kake sikanafanane ndi kukhudzidwako. Funso lenileni ndi lakuti kodi kugundako ndiko kunamugwetsa.

Chigamulo chituluke masewero otsatira asanafike, ndipo ngati wosewera wina anatulutsidwa chifukwa cha chinyengocho, kadi yake yofiira ifufutidwe. Wodandaulidwa apatsidwenso mwayi woona kanemayo ndi kuyankhapo.

Ena amanena kuti VAR, njira yothandiza woimbira pogwiritsa ntchito kanema masewero ali mkati, yathetsa zonsezi. N'zoona kuti pa World Cup ya 2018 woimbira Björn Kuipers anabweza penate imene anapatsa Neymar pamasewero a Brazil ndi Costa Rica atangoonera kanema m'mbali mwa bwalo, ndipo kukonza cholakwa pompopompo kumaposa chilango chilichonse cha mawa. Koma VAR imafuna makamera ambiri ndi oimbira ophunzitsidwa mwapadera, zimene maligi ambiri sangakwanitse, pamene kuunika masewero atatha kumangofuna kanema wooneka bwino ndi anthu atatu odziwa mpira. Ligi imene imajambula masewero ake ingathe kuyamba ndi njira yachiwiriyi, bola ilembe malamulowo m'ndondomeko ya mpikisano sizoni isanayambe, kuti timu iliyonse isaine ikudziwa chilango chake.