Momwe mungaphunzitsire masamu, sayansi ndi Chichewa ndi nkhani ya chilombo cha ku Loch Ness

Ana a Sitandade 6 ndi 7 amene amasinza pa phunziro la miyeso amatong'ola maso akamva kuti ku Scotland kuli nyanja yomwe anthu amati mumakhala chilombo cha khosi lalitali. Nyanjayo ndi Loch Ness, chilombocho amachitcha Nessie, ndipo mbiri yake inawanda mu 1933 nyuzipepala zitayamba kulemba za anthu oti achiona. Nkhani imodziyi ikhoza kunyamula maphunziro angapo kwa sabata ziwiri, ndipo pomaliza mwana azikhala atazolowera kufunsa kuti, "Umboni wake uli kuti?" A Sitandade 8 asiyeni, ali kalikiliki ndi mayeso.

Yambani ndi chithunzi chotchuka cha 1934, chosonyeza mutu ndi khosi zitatulukira pamadzi. Chilipo pa intaneti. Sindikizani chimodzi chokha pa pepala la A4, muchimate pakatoni, chizizungulira m'magulu. Kumalo osindikizira inki ikhoza kukhala itachepa, choncho onani pepala musanapereke ndalama. Chithunzichi n'chosaoneka bwino kale, ndiye inki ikachepa mungotenga banga lotuwa. Musawauze ana ngati n'choona kapena ayi. Gawani bolodi patatu: zomwe munthu anaona yekha, zomwe anangomva, ndi zomwe tingathe kuyeza. Chilichonse chimene anene, achiike pamalo ake.

Masamu achitikire pabwalo. Loch Ness ndi yotalika makilomita pafupifupi 36 ndipo pozama kwambiri ndi mamita 230. Nyanja ya Malawi imaposa makilomita 560, kuya kwake pafupifupi mamita 700. Mita imodzi iimire mamita 10: gulu lina liyeze mamita 23, lina 70, akhome zikhomo. Aona ndi maso kuti yathu ndi yozama katatu. Ngati tepi palibe, chingwe chomanga mfundo pa mita iliyonse chimakwana.

Kenako ana apange kachilombo kawokawo koyandama pamadzi kuti akajambule chithunzi chabodza. Apa ndi pamene ntchitoyi imakonda kuwonongekera. Ambiri amathamangira dongo. Dongo losawotcha limasungunuka likangokhudza madzi, lowotcha limamira. Tengani botolo lapulasitiki la theka la lita, muthiremo mchenga mpaka pafupifupi theka, mutseke. Khosi mupange ndi waya wotalika masentimita 20, mumupinde kumutu, mumukulunge ndi jumbo yakuda n'kumanga ndi mphira ya chubu. Mchenga ukachepa botolo limagona chammbali, ukachuluka limapita pansi ndi khosi lomwe. Onjezani supuni imodziimodzi mpaka chitsekerero chifanane ndi pamwamba pa madzi. Waya wamipanda ndi wolemera, funani wopyapyala womangira zitsulo, amisiri omanga nyumba amataya zidutswa zake.

Madzi akhale a m'bafa lalikulu kapena m'mgolo wodula, mkati mutayala pulasitiki yakuda kuti pansi pasaoneke. Ana musapite nawo kumitsinje ngati Bua ndi Rusa kapena kumaenje oumbira njerwa. Ng'ona, likodzo ndi kumira si zinthu zoyesera chifukwa cha chithunzi.

Kujambula nakonso kuli ndi njira yake. Wojambula akaimirira, foni imaonetsa m'mphepete mwa bafa ndipo aliyense adziwa kuti ndi kabotolo. Agwade, foni ikhale masentimita ochepa pamwamba pa madzi, dzuwa lili kumbuyo kwa chilombocho, m'mawa kapena chakumadzulo. Mwana wina agwedeze madzi pang'ono ndi chala. Kenako dulani chithunzicho pafoni kuti pasatsale udzu, dzanja kapena khoma, n'kuchisandutsa chakuda ndi choyera. Diso limadziwa kukula kwa chinthu pochiyerekeza ndi china chapafupi, ndiye mukachotsa zonsezo, khosi la masentimita 20 lioneka ngati la nyamalikiti. Kachionetseni kalasi ina, aliyense alembe kuti n'chotalika bwanji. Mayankho amenewo ndiwo mupangire graph ndi kupezera average.

Apa ndi pomwe muwaululire kuti mu 1994 zinadziwika kuti chithunzi cha 1934 chija chinali choseweretsa ana chooneka ngati sitima yoyenda pansi pamadzi, atachimata mutu woumba. Mukaulula msanga, chidwi chonse chimazilala.

Pa sayansi, apatseni mfundo atsutsane okha. Ena amati Nessie ndi plesiosaur, chokwawa cha m'madzi chakalekale cha khosi lalitali, koma nyama zimenezi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene Loch Ness inali pansi pa madzi oundana mpaka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Nyamazi zinkapumanso mpweya, ndiye bwenzi zikutulukira kawirikawiri. Mu 2018 gulu la wasayansi Neil Gemmell wa ku University of Otago ku New Zealand linayeza DNA (chizindikiro cha chibadwa chomwe zamoyo zimasiya) m'madzi a nyanjayi. Silinapeze ya chokwawa chilichonse, linapeza yambiri ya nsomba za mkunga. Afananitse ndi Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa dinosaur, yemwe mafupa ake anafukulidwa m'boma la Karonga ndipo akhoza kuyezedwa.

Pa Chichewa, aliyense akafunse agogo nkhani ya Napolo kapena ya dziwe loopsa la kwawo, alembe monga anamvera, osaseka akulu. Dziwitsani aphunzitsi aakulu ndi komiti ya sukulu pasadakhale, chifukwa mwana akakafotokoza mopotoka kunyumba, mawa lake kumveka zoti mukuphunzitsa zamatsenga. Za Napolo zigwireni mosamala, pakuti zikukhudza anthu amene anafa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo mulumikize ndi mvula yambiri ndi kugumuka kwa nthaka m'mapiri.

Zotsalazo n'zachidule: mapu a Scotland ndi Malawi, nkhani yaifupi ya nyuzipepala m'Chingerezi, ndi sewero la bwalo lamilandu tsiku lomaliza. Malikisi perekani potengera umboni womwe mwana watchula, kaya iye akuti chilombocho chilipo kapena kulibe.