Zaka za resitihausi yakale zili pakhoma lake

Anzanga amandiseka kuti ndikalowa m'bala ndimayamba ndayang'ana kudenga ndisanaitanitse botolo. Sanama. Ndakulira pantchito yomanga mu Lilongwe muno, ndipo nyumba siibisa zaka zake kwa munthu wodziwa poyang'ana.

Musavutike ndi City Centre. Kumeneko n'kwa dzulodzulo, kunamangidwa pokonzekera likulu lomwe linachoka ku Zomba mu 1975. Pitani ku Old Town. Boma la Lilongwe linakhazikika mu 1904 ndipo tauni inakulira m'mbali mwa mtsinje, Area 3 tsidya lino, Area 2 ya mashopu a amwenye tsidya linalo. Maresitihausi ndi mabala akale asakeni chakumsika ndi kudepoti ya mabasi, poti mlendo wotsika usiku ankafuna pogona ndi ponyowetsa kukhosi.

Mukafika gulani kaye kanthu, kenaka pemphani: "Bambo, mungandilole ndione nawo kuseri kwa nyumbayi?" Kumaso kuli penti ya chaka chatha, ikunamizani. Kuseri pezani pomwe pulasitala inagamuka, mukande ndi kiyi pakati pa njerwa. Mukaona dothi likuyoyoka, osati simenti, mwapeza nyumba ya makedzana. Onaninso kayalidwe ka njerwazo. Ngati mzere wina zagona chautali, wotsatirawo zikuonetsa mitu yokha, ndiye kuti khomalo ndi la mainchesi 9, njerwa ziwiri zolumana. N'chifukwa chake zipinda zoterezi zimazizira ngakhale mu Okutobala, pomwe zathu za masiku anozi zimakhala ngati uvuni.

Khonde ndiye limandisangalatsa kwambiri. Akale ankalimanga lotakasuka, la nsanamira za njerwa, pansi pa simenti yofiira yopukutidwa ndi polishi. Eni ake ambiri anadzalitseka kuti apeze zipinda zina zogonekamo alendo. Yendani m'mbali mwa khoma lakumaso mukulisisita ndi dzanja. Mukamva pakutukuka pamipata yofanana, zimenezo ndi nsanamira zakale zomwe zinamizidwa mkati.

Siling'i ikakhala yobooka, suzumirani. Thabwa la mkungudza wa ku Mulanje limadziwika ndi fungo, ndipo chiswe sichilikonda. Chumuni nacho musachiphonye, ngakhale anachitseka: kale alendo ankaothera moto wa nkhuni mu Juni.

Ngati nyumbayo ndi yanu, chonde musaikute ndi simenti yolimba. Ndinachitapo zimenezi pa resitihausi ina mwini wake atandikakamiza, ine ndili mnyamata wosatha kukana bwana. Khoma la dothi limafuna kupuma. Mvula ziwiri zokha, chinyontho chinatsekeredwa mkati, pulasitala yonse inafufuma n'kugwa ngati makoko a mtedza. Laimu ndi mchenga zikanakwanira.

Chaka chenicheni chomwe nyumbayo inamangidwa, khoma silingakuuzeni. Funsani mlonda wamkulu kuposa onse, kapena agogo ogulitsa mtedza pachipata, kuti malowa ankatchedwa chiyani asanasinthe dzina. Pitani masana, oledzera asanadzaze, ndipo mtedzawo mugule.