Momwe mungadziwire ntchito ya oscillator yokhala ndi frequency yachilendo

Mukayang'ana mkati mwa wailesi yakale kapena pa bolodi ya kompyuta, nthawi zambiri mumapezamo kachitini kakang'ono konyezimira, kolembedwa nambala monga 11.0592 kapena 10.245. Kameneka ndi crystal kapena oscillator, kachipangizo kopereka kugunda kwa magetsi kosasinthasintha, ndipo nambalayo ndi frequency yake, kutanthauza maulendo amene kamagunda pa sekondi, mu MHz (1 MHz ndi ma hertz miliyoni imodzi). Nambala zooneka zosokonekerazi sizisankhidwa mwachisawawa, chifukwa zambiri zimachokera ku nambala ina yodziwika imene wopanga chipangizocho ankafuna kuipeza.

Choyamba, koperani nambala yonse popanda kudula ya kumapeto, chifukwa yankho limabisala komweko, kenako isandutseni kukhala ma hertz. Motero 11.0592 MHz ikhala 11,059,200.

Chachiwiri, tengani kalikuleta n'kumagawa nambalayo ndi 2 mobwerezabwereza. Mukafika pa 1 popanda chotsala, nthawi zambiri kachipangizoko n'kowerengera nthawi: 32,768 Hz ya m'mawotchi imafika pa 1 ikagawidwa maulendo 15, ndipo 4,194,304 Hz imatero pa maulendo 22.

Zikakanika, gawani ndi liwiro lotumizira uthenga pa serial (njira yotumizira ma bit motsatizana pa waya), monga 9,600 kapena 115,200. Nambala yathu ija ya 11,059,200 ikagawidwa ndi 115,200 imapereka 96 popanda chotsala, zomwe zikusonyeza kuti inasankhidwira UART, gawo la chip limene limatumiza ndi kulandira uthenga wa serial. Yesaninso 44,100 ndi 48,000, manambala a zojambulira ndi kuseweretsa mawu. Apa mpofunika maso akuthwa, chifukwa 11.2896 MHz imafanana kwambiri ndi 11.0592 pamaonekedwe, pomwe iyo ndi 44,100 kuchulukitsa ndi 256, ndipo malo ake ndi m'makina oimbira ma CD.

Wailesi za kanema zakale zinatisiyira nambala ziwiri zofunika kuziloweza, zomwe ndi 3.579545 MHz ya NTSC ndi 4.433619 MHz ya PAL, njira ziwiri zoulutsira kanema wa mitundu. Mukaona 14.31818, imeneyo ndi ya NTSC kuchulukitsa ndi 4. Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inkagawa nambala yomweyi ndi 3 kuti ipeze 4.77 MHz yoyendetsera purosesa yake, choncho kuipeza sikutanthauza kuti bolodiyo ndi ya kanema basi.

M'mawailesi, kugawa kokha sikukwanira, ndipo muyenera kuyesa kuwonkhetsa kapena kuchotsera 455 kHz (0.455 MHz) ndi 10.7 MHz, ma frequency amene wailesi imasandutsirako siginolo imene yalandira. Mwachitsanzo, 10.245 mukaiwonjezera 0.455 imakwana 10.7 ndendende, umene ndi umboni wakuti crystal imeneyo imatsitsa siginolo kuchoka pa 10.7 MHz kufika pa 455 kHz.

Pomaliza, bwererani pabolodi pomwepo, popeza masamu amangopereka chithunzithunzi ndipo nambala imodzi ikhoza kukhala ndi ntchito ziwiri. 13.56 MHz ndi ya makadi a NFC, amene amawerengedwa pongowayandikitsa ku makina, komanso ikachulukitsidwa ndi 32 imapereka 433.92 MHz ya marimoti a galimoto ndi a mageti. Tsatirani tinjira ta kopa kuchokera ku miyendo ya crystal mpaka pa chip imene yalumikizidwako, werengani nambala yolembedwa pamsana pa chip imeneyo, ndipo mufufuze datasheet yake, chikalata cha wopanga chofotokoza chip imeneyo, momwe mumalembedwa frequency yofunika ndi kagawidwe kake.